Kansalu Kofiira pa Chikhomo

Pakhomo paja panali lamulo limodzi loti ngakhale mlendo ankauzidwa asanalandire madzi akumwa: chinthu chomangidwa kansalu kofiira sichikhudzidwa. Chimenecho ndi cha mbewu. Likhale dzungu, zikhale nyemba, akhale matimati akupsa mpaka kung'ambika okha, iwe umangoyang'ana, n'kumeza malovu, n'kupitirira.

Lamuloli analisiya ndi malemu apongozi ake a Kamakani, mayi wa pakamwa pakuthwa amene sanamuyamikirepo mpongozi wakeyo ngakhale tsiku limodzi. Dzina la Kamakani anamupatsa ndi iwowo, ndipo sikunali kumutama ayi. Koma atadwala matenda awo omaliza, chitini cha mbewu ndi duku lawo lofiira sanapatse ana awo obereka. Anapatsa iyeyo.

"Enawa misana yawo sipindika," anatero, osamuyang'ana n'komwe.

Kuyambira pamenepo, chilimwe chilichonse Kamakani ankalima kamunda ka kuseri kwa khitchini, mizere isanu ndi umodzi basi, pafupi ndi chitsime. Matimati ake anali oipa maonekedwe, tisanamizane. Anali a mapewamapewa, okhota, ena ong'aluka pamutu ngati chidendene cha munthu woyenda wopanda nsapato. Koma ukawadula, munali nyama yokhayokha, madzi pang'ono. Ofutsa ankauma masiku atatu, a m'mabotolo ankafika mpaka chilimwe china osachita nkhungu. Ana ake atatu anakula ndi matimati amenewa, ndipo mwamuna wake atamwalira, kamundako ndi kamene kankamudzutsa m'mawa.

Alamu ake aakulu, mkulu wake wa malemu mwamuna wake, ndiwo ankayendetsa munda waukulu. Awo anali matimati a mbewu yogula, obulungira, ofanana ngati mazira a nkhuku imodzi, ndipo lole inkabwera kudzatenga kawiri pa sabata. Tsono mabokosi ankasowa pokhala. Alamuwo anayang'ana uku, anayang'ana uko, maso awo n'kudzatera pa kamunda ka kuseri kwa khitchini.

"Mlamu, mukangokolola chaka chino, apa timangapo shedi," anamuuza. "Mukafuna matimati muzidzatenga anga. Mukudzivutitsiranji ndi tizinthu tokhota iti?"

"Anuwo ndiike m'botolo? Ndi madzi okhaokha aja. Kuli bwino ndingotunga pachitsime."

"Pakamwa apo, Mlamu."

"Mpamene ndimadyera," anayankha Kamakani, n'kupitiriza kupalira.

Chimene alamuwo sankadziwa n'chakuti chitini chinali chopanda kanthu. Denga la chipinda chosungiramo zinthu linadontha, njere zambiri zinachita nkhungu, ndipo zochepa zimene zinapulumuka Kamakani anazifesa zonse. Mbewu yonse ya apongozi ake inali italendewera pa matimati asanu ndi awiri amene anawasankha yekha, n'kuwamanga tinsalu tong'amba ku duku lija. Ena onse anali atathyola kale. Ena anawaphika n'kuwatsekera m'mabotolo, ena anawaviika m'madzi owira n'kuwayanika pa malata, ndipo njere yolawa madzi owira simeranso. Asanu ndi awiri aja anafuna akhale masiku ena anayi, apse mpaka kufewa.

M'nyumba mwake munali mpongozi watsopano, mkazi wa mwana wake wotsiriza. Anali atakhalapo miyezi iwiri yokha. Mtsikana wa manja ofulumira, wosakhala pansi, wofuna kukondedwa mpaka kutopetsa. Asanakwatiwe ankagwira ntchito pa famu ina yaikulu ya zipatso. Lamulo la kansalu palibe anamuuza. Aliyense ankayesa mnzake wamuuza, ndipo Kamakani yemwe ankaona ngati nkhani imeneyi munthu amabadwa akuidziwa.

Lachitatu linali tsiku lophika matimati otsala a m'munda waukulu, amene lole inawakana. Zotsekera mabotolo zinaperewera, ndiye Kamakani anauyatsa m'mamawa kukagula. Sitolo yoyamba munalibe, yachiwiri zinali zazing'ono. Anabwerera dzuwa lili paliwombo, thukuta lili chuchuchu.

Asanafike pakhomo anamva fungo. Anaima. Fungo limenelo ankalidziwa ngati mawu a mwana wake, ndipo silinali la matimati a alamu.

M'khitchini mphika waukulu unali kubwata. Mabotolo anali ndandanda pa tebulo, otsukidwa, oyang'ana pansi. Pa windo panali tinsalu tofiira tisanu ndi tiwiri, tochapidwa, topindidwa bwinobwino, tina pamwamba pa tinzake.

"Mwabwera, Amayi?" anatero mpongozi, nkhope ili ngwee. "Aja munaika chizindikiro aja ndathyola kale, musavutike. Anatsala pang'ono kuwola."

Zotsekera zija zinamupulumuka m'manja n'kumwazika pansi ponse.

"Wathyola chiyani?"

"A nsalu zofiira aja. Kuntchito kwathu, chofiira chimatanthauza kuti thyola msanga, chapsa kwambiri." Mawu anayamba kumuthera. "Kapena si choncho, Amayi?"

Kamakani anatuluka n'kuzungulira kuseri. Mayo ine! Kamunda kanali mbee. Mitengo ya matimati inali itazulidwa, yaunjikidwa pakona, ikufuka utsi. Pamalo pa mizere panali zikhomo zisanu ndi zitatu ndi chingwe choyera chozungulira. Mmisiri womanga anali chogwada akuyeza, alamu ataima pambali manja ali m'chiuno.

"Ndamuona mpongozi wanu akuthyola omaliza, ndiye ndati basi, kukolola kwatha," anatero alamu. "Paja tinagwirizana."

"Munagwirizana ndi ndani? Inu simunaone kuti akuthyola a nsalu?"

Alamu anayang'ana kumbali. Anaona. Mulungu yemwe akudziwa kuti anaona, n'kungokhala chete poti zinawakomera. Apa m'pamene mtima wa Kamakani unawira kuposa mphika wa m'khitchini uja. Mtsikanayo analakwa posadziwa. Koma bambo wa imvi uyu, wobadwira pakhomo pompano!

Anabwerera m'khitchini. Mpongozi anali atakhala pa mpando, akulira chamumtima, mphika ukupserera.

"Vundula mphikawo, usationongerenso zina," anatero Kamakani. "Misozi sinameretsepo chinthu. Tandiuza, unangowaponya mumphika athunthu?"

"Ayi, Amayi. Ndimayamba ndafinya njere. Kwathu amati zimawawitsa."

"Wati chiyani? Unafinya usanaphike?"

"Eya. Za a m'munda waukulu ndinataya kudzenje. Anu aja anali ofewa kwambiri, ndiye ndinafinyira m'mbale ina, n'kukakhuthula pansi pa mtengo wa mandimu, kuti nkhuku zidye."

Mayi wa zaka makumi asanu ndi mphambu, wa bondo lovuta, anathamanga tsiku limenelo. Pansi pa mandimu panali msonkhano wa nkhuku zonse za pakhomo, tambala ali pakati ngati mwini maliro. Kamakani anavula patapata n'kuponya. "Shii! Chokani, mfiti inu!" Nkhuku zinabalalika, nthenga zili m'mwamba. Iye anagwada pomwepo, m'fumbi ndi zitosi, n'kuyamba kupalasa ndi zala.

Zambiri zinali zitapita m'mimba mwa nkhuku. Koma madzi a matimati anali atalowerera pakati pa mizu, ndipo m'ming'alu momwe milomo sinafike munali kanthu. Mpongozi anabwera ndi kapu ndi supuni, n'kugwada pambali pake osafunsa.

"Usatole zilizonse," anatero Kamakani. "Zathu ndi zazikulu, zaphwatalala, zili ndi ubweya. Ona iyi. Ika m'maso mwako, usadzaiwalenso."

Alamu anafika, mmisiri ali pambuyo, ndipo anaseka mpaka kugwira mtengo.

"Mlamu, mwafika polimbirana chakudya ndi nkhuku? Anthu akamva atiseka. Dzukani, ndikupatsani paketi ya mbewu yeniyeni."

"Paketi yanuyo mukafese pamutu panu, mwina pangamere tsitsi," anatero Kamakani osadzutsa mutu. Mmisiri anatsokomola, n'kupita kukayang'ana chingwe chake.

Anapalasa mpaka mthunzi wa mandimu unasuntha n'kuwasiya padzuwa. Chikhadabo chimodzi chinathyoka. Anapeza njere makumi awiri ndi zitatu. Anaziika m'kapu ya madzi pa shelefu masiku atatu kuti lendalenda wake asungunuke, ndipo zisanu ndi zinayi zinayandama, zopanda moyo. Khumi ndi zinayi zinamira. Anazitsuka, n'kuziyanika pa mbale yadothi, mbaleyo n'kuiika pamwamba pa kabati m'chipinda chake. Nkhuku ikangosuzumira pakhomo inkalandira tsache.

Masiku amenewo mpongozi ankayenda chonyang'ama, osayang'ana munthu kumaso. Kamakani anatopa nazo.

"Iwe, ukuyenda ngati wakuba bwanji? Wolakwa ndine. Ndinakuonetsa poika mchere, poika sopo, koma chinthu chenicheni cha pakhomo pano sindinakuuze. Tenga mabotolo awo, uthire mchere pang'ono pamwamba, utseke akadali otentha."

Nthawi sinali yofesera. Mwachizolowezi njere zikanagona m'chitini mpaka chilimwe china. Koma mchenga unali utabwera, njerwa zinali zitabwera, ndipo mmisiri anati Lolemba akumba maziko. Kamakani anadziwa kuti simenti ikangogwa pamenepo, mbewu adzakhala nayo koma poifesa padzasowa, chifukwa kwina konse kofika madzi a pachitsime kunali kwa alamu. Anawerenga njere zake kawiri. Zisanu ndi ziwiri anabisa m'chitini. Zisanu ndi ziwiri anafumbata m'manja.

Lolemba mmisiri atafika ndi piki ndi fosholo, anapeza akazi awiri ali m'kati mwa chingwe chake. Pafupi ndi chikhomo chilichonse, kupatula chimodzi, panali kadzenje kothiridwa manyowa, kophimbidwa ndi udzu, konyowa. Kamakani ankathirira. Mpongozi ankamanga tinsalu. Zikhomo zisanu ndi ziwiri zinali zitavala zofiira, chimodzi chokha n'chimene chinatsala chamaliseche.

Mmisiri anakanda m'mutu n'kukaitana mwini ntchito. Alamu anabwera akumanga mabatani a malaya.

"Tsono izi ndiye ziti?"

"Ndafesa," anatero Kamakani. "Zikomo chifukwa cha zikhomo. Zidzandithandiza kuyanga matimati akakula."

"Mwapenga kodi? Apa ndi pa shedi! Nyengo yake iti yofesa ino?"

"Nyengo yake ndi yomwe mwandisankhirayi."

"Ndizula zonsezi ine!"

"Zulani." Kamakani anaika ndowa pansi n'kupukuta manja pa chovala chake. "Musatume mmisiri, alibe mlandu. Musatume mwanayu, analakwa kamodzi, kwakwana. Zulani inuyo ndi dzanja lanu. Nsaluyo mukuidziwa. Ndi duku lija ankavala amayi anu popita kumunda. Ndipo khutu lanu lamanzere likuidziwa bwino kuposa inu."

Mpongozi sanamve tanthauzo lake, koma alamu anamva. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anathyola dzungu la kansalu kofiira, ndipo amayi awo anawakoka khutu kuchokera kumunda mpaka pakhonde, anthu akuona. Nkhaniyi ankaikamba okha akakhuta, akuseka. Lero sanaseke.

Anayandikira chikhomo choyamba. Anawerama, dzanja linafika pafupi. Kansalu kanali kotuwa ndi dzuwa la zaka zambiri, koma timaluwa toyera ta m'mphepete tinkaonekabe. Kamakani sanaphethire. Ankadziwa kuti bamboyu akangozula, palibe wokamudandaulira, ndipo iye adzatsala ndi njere zisanu ndi ziwiri m'chitini, zopanda nthaka. Anali ndi mantha, inde, koma anatsimikiza kuti bamboyu asawaone.

Dzanja linakhala m'malere. Kenako alamu anawongoka pang'onopang'ono, atagwira m'chiuno.

"Tizule, bwana?" anafunsa mmisiri.

"Wakuuza kuti uzule ndani?" anakalipa alamu, ngati wolakwa ndi mmisiriyo. "Tenga chikhomo chopanda nsalucho. Tikayeze kuseri kwa khola."

"Kumeneko n'kotsetsereka, bwana. Pafunika njerwa zambiri."

"Ndati kuseri kwa khola!"

Mmisiri anazula chikhomo chimodzi chija, n'kukulunga chingwe chake mosamala, osakhudza kansalu ngakhale kamodzi. Alamu anatsogola, osacheuka.

Kamakani sanathokoze munthu. Ananyamula ndowa n'kumaliza kuthirira kadzenje komaliza. Mpongozi anayamba kuseka ndi kulira nthawi imodzi.

"Usasangalale msanga," anatero Kamakani. "Mwina zimera ziwiri, mwina imodzi. Ndipo kansalu kako wamanga molobodoka, mphepo ikachotsa. Bwera uone mfundo yake."

Anamasula, n'kumanganso pang'onopang'ono kuti mtsikanayo aone. Kenako analowa m'nyumba, natuluka ndi chotsala cha duku lija, kachidutswa kosakwana chikhatho, n'kumuponyera pamiyendo.

"Sunga. Chaka chamawa osankha ndiwe."

"Ine, Amayi? Ine amene ndinathyola?"

"Iweyo," anatero Kamakani, osamuyang'ana n'komwe. "Msana wako umapindika."