Matope a Kutsidya

Wochapa zovala za mwamuna sanamizidwa. Mayi wina, telala, ataona matope akuda kumiyendo ya buluku la mwamuna wake, mtima unangoti myuu.

Tsidya lino dothi ndi lofiira. Anthu anamanga kuno potsata dzuwa ndi msewu, nyumba zili mdadada m'mbali mwa mtsinje. Dothi lakuda lili kutsidya kokha, kumene nkhalango imatsika phiri mpaka kudzamwa madzi. Kumeneko nyumba n'zowerengeka, zobisala m'mitengo, za ocheka matabwa ndi oweta njuchi. Mlatho wake ndi mtengo umodzi wogoneka pamtsinje, womangidwa ndi chingwe kutsinde la mkuyu. Chigumula chikautenga, palibe wowoloka mpaka madzi ataphwa. N'chifukwa chake anthu amakwatirana a tsidya limodzi.

Koma mwamuna wake, wocheka matabwa, anabadwira kutsidya. Anawoloka chifukwa cha iye, n'kusiya kumeneko mkazi wina amene anatsala pang'ono kumukwatira, wogulitsa uchi, yemwe aliyense ankangomutchula kuti Njuchi.

"Mbalame ya m'nkhalango imeneyo, mng'ono wanga," anatero mkulu wake wa telala atabwera kudzasoketsa diresi. "Uipatse mapira m'mbale yagolide, maso ali kumitengo. Wocheka matabwa wanji amene pakhomo pake pakulendewera chiguduli m'malo mwa chitseko?"

Telala anaseka nawo, koma singano inamubaya chala.

Madzulo anafunsa ngati sakufunsa. "Kodi masiku ano mukucheka kuti, bambo?"

"Kumunsi kuno, cha kumsika."

"Kumsika kwayamba kumera matope akuda?"

Mwamunayo anamwetulira, kumwetulira komweko kumene kunamukopa kale. "Akazi anga, mukanakhala wapolisi, akuba akanasamuka onse. Dikirani pang'ono, mudzaona."

Adzaona chiyani? Malaya ake ankanunkhira utsi wofukizira njuchi. Telala anayamba kulota ali maso: kanyumba ka m'mitengo, uchi ukutsika m'chala, mwamuna wake akuseka kuseka kumene kunyumba anakusiya.

Tsiku lina kunacha phiri litavala mitambo yakuda bii. Mwamunayo analawirira, nati akukatula matabwa kumsika. Sowo yake anaisiya ili pakhoma, ndipo telala anamuperekeza ndi maso mpaka anakhotera njira ya kumsikadi. Apo mtima unakhala pansi. Lero ali tsidya lino, anaganiza, ndipo tsidya lino ndi kumene akhale dzinja lonse.

Anatenga sizasi yake yaikulu, naibisa m'beseni la zochapa. Padooko panalibe munthu. Madzi anali atayamba kale kufiira ndi kutenga zinyalala, chizindikiro chakuti kuphiri mvula yagwa. Anagwada patsinde la mkuyu ngati akutsuka mapazi. Chingwe chinali cholimba, sizasi inamutupitsa matuza, koma pomaliza chinaduka.

Masana mtsinje unabangula. Anthu anathamangira kudooko, telala ali pakati pawo atafunda nsalu kumutu. Mtengo wa mlatho uja unagwedezeka, unatembenuka ngati ng'ona yodzuka kutulo, n'kupita.

"Chingwe chatsopano chomwechi?" anadabwa bambo wina. Telala anabisa dzanja la matuza m'nsalu.

Kenako mkulu wake anamugwira pamkono. "Iwe, si alamu anga awo?"

Kutsidya, pakati pa mitengo, panatulukira mwamuna wake, atasenza chinthu chachitali. Anali atazungulira njira ya kumsika kuti mkazi wake asamuone akuwoloka. Anatula katunduyo n'kumuimika kuti aonekere. Chinali chitseko, cha thabwa lofiira lowala ndi mvula, pakati pake atajambulapo duwa lofanana ndi limene telala ankapeta pamapilo.

Mwamunayo anakweza manja kukamwa, nakuwa. Mtsinje unameza mawu onse.

Telala anafuna kulira, kuseka, kudziponya m'madzimo. Koma asanasankhe, m'nkhalango munatuluka munthu wina. Njuchi anayenda mosafulumira, natambasula ambulera, naikweza pamwamba pa mutu wa wocheka matabwa. Mkaziyo anayang'ana madzi, anayang'ana malo amene panali mlatho, kenako anayang'ana tsidya lino.

"Osadandaula, mng'ono wanga," anatero mkulu wake. "Akagona kwa abale ake. Ndi miyezi yochepa chabe."

"Nanga chitsekocho amachipalira pakhomo pa yani?" anafunsa telala.

Kutsidya, anthu awiri aja ananyamula chitseko, wina kutsogolo wina kumbuyo, n'kulowa nacho m'mitengo kuti chisanyowe.