Mphaka Wometedwa wa ku Alexandria

Zaka makumi atatu ndi zisanu ndakhala ndikugulitsa abakha ndi nkhunda pamsika wa Lachinayi kuno ku Sohag, ndipo sindinagulepo ngakhale mwanapiye ndisanamugwire. Bakha umamunyamula, kumufinya pachifuwa, kuuzira nthenga kuti uone khungu. Koma mwana wanga Medhat, amene ndinamuphunzitsa mpaka ku koleji ndi abakha omwewo, anagula mphaka pa foni.

Medhat ali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala. Nthawi imeneyo anali atatomera Shahinda, mwana wa Haja Nawal. Mtsikanayo ndinalibe naye chifukwa: mphunzitsi, wosalankhulalankhula, wa maso oona. Vuto linali mayi ake. Haja Nawal anakhalako ku Cairo zaka ziwiri mwamuna wawo ali moyo, ndiye chibwerereni amayenda ngati dothi la ku Sohag liwadetsera nsapato. Chitomerocho anavomera monyinyirika. Ankanena poyera, ine ndili pomwepo, kuti mnyamata wina wogwira ntchito ku Kuwait nayenso anafunsira, ndiye aona kaye ngati Medhat ndi munthu wodalirika.

Kuno chikondwerero chikafika, mnyamata wotomera sapita chimanjamanja kwa apongozi. Maulidi, tsiku lokumbukira kubadwa kwa Mneneri, anali pafupi. Anthu abwinobwino amanyamula bokosi la maswiti a chitowe ndi mtedza, nsalu, mwina abakha awiri onona, nkhani yatha. Koma tsiku lina Shahinda anangotchula kuti amakonda amphaka. Mayi ake pomwepo anawonjezera kuti m'nyumba mwawo simungalowe mphaka wachikuda wa kudzala, koma wa mtundu wa Shirazi, wa ubweya wautali uja, monga amene ali kwa mng'ono wawo ku Cairo. Medhat anadziguguda pachifuwa kuti pa Maulidi abwera naye.

"Amayi, tamuonani uyu," anatero mawa lake, akundikankhira foni pamphuno, ine manja ali m'madeya a abakha.

Munali kanema wa mwana wa mphaka woyera, ubweya ngati thonje, atakhala pa mtsamiro wofiira. Kumbuyo kunkalira nyimbo.

"Ali kuti?"

"Ku Alexandria, kwa Dokotala Ramzi. Ndi katswiri, amayi. Makolo a mphakayu ali ndi zikalata."

"Abambo ako analibe chikalata, koma ndinawaona kaye ndisanavomere. Kwera sitima ukamuone."

"Tsiku lathunthu kupita, lathunthu kubwera, chifukwa cha mphaka? Masiku ano zinthu siziyenda choncho. Munthuyu anthu zikwi zisanu amamutsatira pa intaneti."

"Ntchentche nazonso zikapeza chozitsatira zimabwera zikwizikwi. Udokotala wakewo ndi wa chiyani?"

"Wa amphaka, ndikhulupirira."

"Ukhulupirira."

Anatumiza ndalama tsiku lomwelo, zoti munthu wanzeru n'kugula nkhosa.

Kutatsala masiku atatu kuti Maulidi afike, mphakayo anabwera pa basi. Ndinapita nawo kudepoti, osati kukalandira mlendo wolemekezekayo, koma madeya ndimagula kufupi ndi komweko. Dalaivala anali a Gaber, amene akhala akunyamula akatundu a anthu pamsewu umenewu ine ndisanamere imvi.

"Mayi a Medhat, chotsani chinthu chanu msanga," anatero akutulutsa katoni ya sopo yobooleredwa ndi mpeni. "Chichokereni ku Alexandria sichinatseke kukamwa. Chadya theka la buledi wanga ndi nyemba zomwe. Ndanyamulapo mbuzi zaulemu kuposa ichi."

Medhat anatsegula katoniyo. Mkatimo munali mphaka wometedwa mpala thupi lonse, khungu lili pamtunda ngati nkhuku yososola. Ngakhale m'masaya anali atamudula ndi sizasi. Anatiyang'ana tonse atatu, n'kulira ndi mawu a chidakwa.

Mwana wanga anaimba foni pomwepo, n'kukweza mawu kuti nane ndimve.

"Aa, bwana Medhat, mkulu wanga!" anayankha Dokotala uja, mawu oterera ngati batala. "Mwamulandira Sultani? Kumetako? Chimenecho ndi chifundo, bwana. Kwanuko ndi kung'anjo. Mphaka wa Shirazi ndi ubweya wake wonse m'basi ulendo wonsewo, mukanalandira maliro. Ife odziwa timatero. Mupatseni milungu isanu ndi umodzi, mudzachita kusowa pouika ubweyawo."

Choipa n'chakuti bodzalo linali ndi mwendo woimira. Kuno anthu ochita bwino amametadi amphaka awo a Shirazi nyengo yotentha. Mkazi wa woweruza milandu wina amene amandigula nkhunda ali naye wake, ndipo miyezi ya dzuwa amakhala wamaliseche choncho. Medhat anapuma, nkhope n'kuwala. A Gaber analavulira pambali n'kukwera basi yawo.

Kunyumba ndinamuika mphakayo patebulo n'kumuyeza monga ndiyezera chamoyo chilichonse cholowa pakhomo panga. Makutu aatali osongoka. Mphuno yaitali. Miyendo ya wothamanga, mchira wowonda ngati chingwe cha nsapato, nthata kuseri kwa makutu. Nditangomusiya anadumphira pansi, n'kulunjika kukhitchini, n'kuvundukula chitini cha zinyalala ndi dzanja limodzi, mosaphonya.

"Wachikuda uyu," ndinatero. "Wobadwira pa mtsamiro wofiira sadziwa ntchito imeneyo. Abale ake ali kuseri kwa butchala ya a Hilmi, pita ukawapatse moni."

"Amayi, inu mumadziwa abakha basi. Chikalata ichi simukuchiona?"

Chinali chikalata ndithu, chokhala ndi chidindo chonyezimira, mayina a bambo ndi agogo a mphaka ali ndandanda ngati banja lachifumu.

"Sukulu ndinalekera panjira, koma kuwerenga ndimatha. Pepalali likunena za mphaka wina. Tamvera, iwe. Kwera kukhola la padenga utenge abakha awiri onona, ukagule maswiti. Ukawauze kuti munthu wa ku Alexandria wakupusitsa. Akuseka tsiku limodzi n'kuiwala."

"Ndikaime pamaso pa Haja n'kunena kuti ndapusitsidwa? Wa ku Kuwait uja amuitana mawa lomwe."

"Nanga ubweya ukamera?"

"Umera wautali. Dokotala wanena." Anayang'ana mphaka amene tsopano ankakukuta mutu wa nsomba. Ndinaona kuti nayenso waona. "Koma inu musakatsegule pakamwa kumeneko."

"Sindikayambitsa ndine. Koma munthu akandifunsa, ndimayankha."

Pa Maulidi Medhat anamumanga mphakayo kansalu kofiira m'khosi n'kupita naye. Haja Nawal anayamba akwinya mphuno, koma atamva za kutentha ndi kuona chidindo, anasungunuka. Chikalata anachiika m'felemu n'kuchipachika pabalaza, pafupi ndi chithunzi cha malemu amuna awo. Anaitana azimayi a mumsewu wonse kudzaona Sultani. Ankamuphikira chidale cha nkhuku, chimene ineyo ndimadya ndikadwala. Shahinda ankamupaka mafuta a azitona tsiku ndi tsiku kuti ubweya ufulumire. Medhat ankapita Lachisanu lililonse, kumwa tiyi, kugwedeza mutu, n'kumati, "Wayamba kuoneka, a Haja, wayamba kuoneka."

Unaonekadi. Unamera waufupi, wouma ngati burashi yotsukira mapoto, woyera koma wa mawanga ofiirira pamsana, n'kuima pomwepo. Foni ya Dokotala inasiya kulira. Ndiye mng'ono wa Haja Nawal anabwera kudzacheza kuchokera ku Cairo, anamuyang'ana Sultani kamodzi, n'kuseka mpaka kukhala pansi, azimayi oyandikana nawo ali pomwepo.

Tinaitanidwa Loweruka masana. Tinakhala pa mipando yawo ija yokutidwa ndi pulasitiki, imene imakumata m'ntchafu kukatentha. Tiyi sanabwere. Shahinda anakhala pakona, mphaka ali pamiyendo pake, wonenepa tsopano, akunyambita dzanja ngati mwini nyumba.

"Mwandisandutsa choseketsa cha msewu wonse," anayamba Haja Nawal. "Ine! Kudyetsa chidale mphaka wa kudzala! Mng'ono wanga akafika ku Cairo nkhani ikhala yomweyi mpaka chaka chamawa."

"A Haja, inenso ndapusitsidwa," anatero Medhat, dzanja pamtima. "Mulungu ndi mboni. Munthu uja ndi mbava yophunzira. Palibe amene akanadziwa. Ngakhale amayi angawa, amene akalambira pa ziweto, sanazindikire kanthu."

Ndinamuyang'ana. Kunama kwake kunali kwake, koma tsopano anali atatenga zaka zanga zonse za pamsika n'kuziyala pansi kuti apondepo. Ine, wosasiyanitsa Shirazi ndi mphaka wa kubutchala!

Haja Nawal anali atatsegula kale pakamwa kuti apitirize, ndipo ndikhulupirira akanakalipa ola lathunthu kenako n'kukhululuka, pakuti munthu wopusitsidwa amamvetsa chisoni. Koma Shahinda analankhula asanatero.

"Amayi," anatero akuyang'ana ine, "n'zoona zimenezi? Simunadziwe?"

Medhat anandiponda chala ndi nsapato. Ndinachotsa phazi langa.

"Ndinakayikira tisanachoke padepoti, mwanawe. Titafika kunyumba ndinamuyeza, n'kumuuza mwana wangayu kuti ndi wachikuda. Ndinamuuzanso kuti abwere ndi abakha adzanene zoona."

Shahinda anatembenukira kwa Medhat.

"A Medhat," anatero Shahinda, mosakweza mawu, "mukanandiuza tsiku lomwelo, bwenzi titaseka limodzi. Ine ndinangoti ndimakonda amphaka, za Shirazi zinali za amayi. Koma inu Lachisanu lililonse mumakhala pampando umenewo, kumandionerera ndikupaka mafuta, mukudziwa. Lero mwalumbira pa Mulungu, n'kuwakokeramo mayi anu omwe. Pa nkhani ya mphaka. Nanga tsiku limene idzakhale nkhani ya ntchito, kapena ya mwana?"

"Shahinda, ndinkaopa kukutaya."

"Munkaopa kusekedwa."

Anamuika mphaka pansi bwinobwino, anavula mphete, n'kuisiya patebulo. Ndinaitola ndine, pakuti mwana wanga anali atauma ngati chitsa, ndipo golide sasiyidwa m'nyumba ya eni.

Mtsikana akathetsa yekha chitomero, za mnyamata zimabwerera. Mawa lake mlongo wa Haja Nawal, bambo wamanyazi amene sindinamvepo akumaliza chiganizo, anafika ndi katundu: zibangili, ndolo, nsalu zosasoka, ndi chikalata chija chili m'felemu yake. Medhat anasuzumira panja.

"Nanga mphaka?"

"Mphakayo, ee... Shahinda akuti sabweza," anatero bamboyo akuyang'ana nsapato zake. "Akuti ngati mukumufuna, mukasume."

Atachoka, Medhat anakhala pansi pakati pa katunduyo, maso ali psuu.

"Mayi wina akanandiikira kumbuyo," anatero.

"Mayi wina akanakusiya ukwatire ndi bodza m'thumba, n'kudzakubwezerani nonse awiri pakhomo pano mwana ali kumsana. Felemuyo ndi yabwino, chotsamo chipepalacho. Ndipo uchotse miyendo panjira, ndikufuna kudutsa."