Chibula si Mpoto

Mayi Asha a ku Ngala masewera a mwana wawo sankawamvetsa, ndipo sankabisa. Mpira ankaudziwa. Koma zoti munthu wamkulu ngati Nasra aweruke kopalira nzimbe ku esiteti, miyendo ili lende, n'kukalowanso m'tchire ndi pepala m'manja kukasaka timbendera tobisidwa kuseri kwa zulu ndi m'makwawa, iwo ankati ndi misala ya anthu okhuta.

Nasra ankawafotokozera mofatsa. Amakupatsa mapu ndi khadi. Mbendera iliyonse ili ndi kachitsulo kobowolera khadiyo. Wopeza zonse motsatana n'kubwerera msanga ndiye wapambana.

"Ukazipeza umabwera nazo?"

"Ayi, Amayi, timazisiya pomwepo."

"Ha! Ndiye kusaka kwake kuli pati?"

Komabe zaka zitatu zinatha mwanayo osaphonya tsiku, mvula kaya dzuwa. Miyendo inadzaza zipsera za minga. Mayi Asha ankalalata, koma ndi iwo omwe ankamusokera nsapato zikang'ambika.

Chaka chino mphunzitsi wa masewerawo, a Layson, amene kale ankalondera nkhalango, ananena kuti atsikana awiri okha ndiwo apite kumpikisano waukulu ku Zomba, ndipo awasankha Loweruka lomaliza la mwezi. Anastazia wa ku Nkhunga malo ake anali odziwikiratu, palibe ankamugwira. Malo achiwiri ankalimbirana Nasra ndi Lenia, mnzake wa kumunda wa nzimbe komweko.

Kutatsala masabata atatu, Nasra anagwa pathanthwe, kampasi yake, kachida kolozera kumpoto, n'kusweka. Anafika kunyumba ali ndwii, nkhope itagwa. Mayi Asha sakonda kuonerera munthu akulira. Anatsegula sutikesi, n'kutulutsa kampasi ya malemu amuna awo, a Yakubu, imene ankayenda nayo m'bwato. Inali yachitsulo, yokhala ndi chivindikiro chagalasi. Mkati munali kambale kozungulira kokha, zilembo zake zitafufutika kalekale, kutangotsala muvi umodzi wa penti yobiriwira.

"Tenga. Ya bambo ako iyi, sinawasokeretsepo. Usandigwetsere pathanthwe."

Kuyambira tsiku limenelo zinthu zinamuipira Nasra. Akalunjika chulu, ankatulukira pambali pake. Akalunjika mkuyu, mkuyu unkatsala kumanzere. Mbendera yapafupi ankaipeza, koma yakutali ankaizungulira ngati nkhuku yodwala chitopa. A Layson anati mutu wake suli pamasewera. Iye anayamba kudzikayikira, n'kumati mwina mwendo wina ukumukoka. Ankadzuka m'mamawa kukawerenga mapazi ake mumsewu wa m'minda, ankabwereza mapu amodzimodzi kanayi, koma ayi ndithu.

Lachisanu masana, mawa lake kuli kusankhako, Mayi Asha anali kutembenuza usipa pachithandala. Nasra anakhala pamkeka pabwalo, mapu pamwendo, kampasi pamwamba pake, akudzilankhulira.

"Mpoto ndi uko," anatero, akuloza potsatira muvi wobiriwira.

Mayi Asha anaima, usipa uli m'manja.

"Wati chiyani?"

"Ndati mpoto ndi uko, Amayi."

"Uko ndi kumene timayang'ana poswali, iwe. Ndi chibula chimenecho."

"Eya, si chimodzimodzi? Timaswali kuyang'ana kumpoto."

"Chimodzimodzi cha kuti? Mpoto ukamawomba umandigwetsera chithandala kuchokera uku, kumbali ya mtengo wa mango. Chibula chapendekera kunyanja. Muvi umenewo anajambula ndi bambo ako ali ndi a Shehe pakhonde pompano, kuti nthawi ya Swala ikawapeza panyanja adziwe koyang'ana. Mpoto ankaufuniranji pakampasi? Ankaumva m'khutu."

Nasra anayang'ananso muvi wobiriwira uja.

"Bwanji simunandiuze?"

"Unandifunsa? Wasukulu ndiwe, ine ndimati ukudziwa. Dzuka!"

Anasiya usipa padzuwa, zimene sanachitepo, n'kukwera njinga zakabaza iwo ndi Nasra mpaka kubwalo kumene a Layson ankakonzera mbendera za mawa. Lenia anali pomwepo, akuwathandiza kumangirira zingwe. Mayi Asha moni anapereka wa mawu amodzi.

"A Layson, tulutsani yanu tione."

A Layson anaika kampasi yawo pabenchi, ya malemu kumapeto ena, motalikirana, poti akuti zikayandikana zimakokana. Anasuzumira uku, anasuzumira uko, n'kuimba likhweru.

"Nasra, masabata atatu onsewa umatsatira muvi umenewu?"

"Eee."

"Ndiye mbendera umazipeza bwanji n'komwe? Pamapazi mazana atatu munthu umataya njira ndi mapazi oposa makumi asanu." Anavula chipewa n'kukanda mutu. "Ine ndimakukalipira chabe. Pepa, mwana wanga."

"Kupepesako mawa," anatero Mayi Asha. "Mubwerekeni yanuyo."

"Sizingatheke, Mayi. Ndi imodzi yomweyi, ndipo mawa ndikhala nayo m'tchire kuyang'anira mbendera. Komanso ena adzati ndakondera. Chosavuta n'chakuti titsegule galasi, tipale penti yobiriwirayi, tijambule muvi pamalo pake."

"Mupale chiyani?"

"Pentiyi, Mayi. Ndi yolakwika."

"Yolakwika ndi yanu! Malemu sanalakwitse kanthu. Iwo ankafuna Mulungu, inu mukufuna timbendera. Dzanja lawo ndi limeneli, simulikhudza."

"Nanga titani? Ikakhala mivi iwiri asokonezeka."

"Asokonezeka ndi ziwiri zokha? Ine ndimasiyanitsa usipa wa dzulo ndi wa lero ali m'dengu limodzi. Ikani chizindikiro china pambali, chanu chikhale chanu, chawo chikhale chawo."

A Layson anayang'ana uku ndi uku. Penti panalibe, bolopeni pachitsulocho sinkalemba. Apa ndi pamene Lenia anapisa m'kachikwama kake n'kutulutsa kabotolo ka kyutekisi wofiira, wopaka m'zikhadabo.

"Uyu amagwira, Mayi. Ngakhale mutsuke mbale sabata yonse sachoka."

Mayi Asha anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe si ndiwe ukulimbirana naye malo?"

"Ndine."

"Ndiye?"

"Ndiye ndikufuna ndimugonjetse ali ndi maso, asadzanamizire kampasi."

"Pakamwa ngati pa mlamba," anatero Nasra.

A Layson anatsegula galasi ndi nsonga ya mpeni, Lenia n'kudontheza kadontho kamodzi kofiira kumanzere kwa muvi wa malemu. Mayi Asha anaimirira pamutu pawo mpaka kanauma.

Loweruka m'mawa Mayi Asha anafika kuphiri la kumtunda kwa msewu, kumene kunali mpikisano, atavala chitenje chatsopano. Anati angobwera kudzaona kampasi yawo. Atsikana ankanyamuka mmodzimmodzi, motalikirana mphindi zitatu, ndiye munthu woonerera sungadziwe amene akutsogola. Izi zinawakwiyitsa. Ankafunsa aliyense wogwira wotchi, aliyense ankati dikirani.

Nasra ananyamuka womaliza. Anaima kaye, n'kuyang'ana kampasi, n'kuyang'ana mapu, nthawi yaitali moti mayi ake anakuwa: "Chofiira, iwe! Pita!" Analowa m'tchire, udzu n'kumutseka.

Kudikira kunawawa. Anastazia anatulukira woyamba, akupuma ngati sanathamange. Kenako Lenia, bondo likutuluka magazi, n'kudzigwetsa pansi pa mtengo. Kenako ena awiri. Mayi Asha anakhala pansi, anaimirira, anakhalanso. M'kamwa munali mukuyenda mawu a duwa, pemphero lawo, ngakhale mumtima ankachita manyazi kuvutitsa Mulungu ndi nkhani ya timbendera.

Ndiye anamuona Nasra. Sanatulukire kumene anatulukira anzake, anadula pakati pa matanthwe awiri molunjika, ngati wina wamukokera chingwe, mpango wakumutu utapendekeka, khadi kukamwa. Mayi Asha anaiwala msinkhu wawo. Anathamanga m'mbali mwake akulalata, chitenje atachigwira m'manja, mpaka pamzere.

A Layson atabwera kutchire anaunika makhadi onse, kubowola kulikonse, n'kuwerengera nthawi. Anastazia woyamba. Nasra wachiwiri. Lenia wachitatu, atatsalira ndi masekondi makumi anayi.

"Alhamdulillah," anatero Mayi Asha, ndipo anabwereza katatu. Kenako nkhope inasintha. Anapita kwa a Layson.

"Tengani atatu."

"Malo ndi awiri, Mayi."

"Mugalimoto anthu amapanikizana. Ndi wowonda uyu."

"Si nkhani ya galimoto. Malamulo ndi amenewo."

"Ndiye mukamulembe kuti ndi wonyamula madzi."

"Mayi, chonde."

Anawapanikiza mpaka a Layson analonjeza kuti akafunsa, koma aliyense anaona kuti n'zongowachotsa. Mayi Asha nawo anaona. Aka kanali koyamba kuchoka pamalonda opanda chimene agwira.

Anapita pamtengo paja. Lenia anali atatsamira tsinde, maso ali kumwamba. Nasra anali pambali pake. Mayi Asha anamukankha mwana wawo kuti asendere, n'kukhala pansi, n'kukoka mwendo wa Lenia kuuika pamiyendo pawo. Anathira madzi pabondo, anapukuta ndi nsonga ya chitenje chatsopano chija, kenako n'kuyamba kuzula chisoso chimene chinadzaza masokosi, kamodzikamodzi.

"Musavutike, Mayi."

"Khala chete. Mayi ako ali kuti?"

"Kumudzi, ku Mzimba."

"Ndiye kuno mayi ako ndine. Lachisanu lililonse uzibwera kudzadya kwathu, wamva? Ndipo m'mamawa muzithamanga limodzi, uyu asakatichititse manyazi ku Zomba."

Lenia anaseka, misozi ili m'maso.

"Chaka chamawa ndimugonjetsa, Mayi."

"Umugonjetse, ine ndidzakuimbira nthungululu. Bweretsa mwendo winawo."