Makobidi a Lindsay Trezise

Moni okondedwa, ndipo ndiyamika Ambuye amene watisunga kufikira lero.

Narelle anali kupukuta khobidi lachisanu ndi chinayi pamene a Merv Pengilly anagogoda pakhomo la kukhitchini. Panali patatha masiku atatu chiikireni bambo ake, a Lindsay Trezise, m'manda a ku Kadina. Patebulo panali nsanza, mankhwala opukutira mkuwa, ndi bokosi la malemuwo la timagome, kapena kuti tizipinda, makumi awiri ndi tiwiri, kagome kalikonse khobidi la mfumu yake ya ku Roma wakale.

A Lindsay ankagwira ntchito kunkhokwe za tirigu ku Wallaroo, ndipo sanali opata. Ankagula khobidi limodzi zaka ziwiri zilizonse, lofufutika, lomwe olemera ankalilambalala, nsapato zawo n'kumangosoketsa. Lomaliza linafika papositi mu Meyi, iwo n'kutisiya mu Juni. Zaka zonsezo Narelle ankangoti, "Bambo ndi tizitsulo tawo tauve." Lero ankafuna kuwachitirako kanthu, ngakhale mochedwa.

A Merv, mnzawo wa malemu kukwaya ndi pa za makobidi, anabwera kudzatenga bokosilo kuti akaligulitse ku Adelaide, papezeke ndalama zokonzera denga. Denga linkadontha pamwamba penipeni pa bedi la mayi Glenys, mayi ake a Narelle, ndipo dzinja linali litangoyamba.

Mkuluyo anaima chilili, chipewa kumanja.

"Mwanawe, wachita chiyani?"

"Ndikuwasambitsa mafumu anuwa, a Merv. Angagule ndani zinthu zobiriwira ngati ndere?"

A Merv anafufuza mpando nakhala. "Dzimbiri limenelo lamera kwa zaka pafupifupi zikwi ziwiri. Ndilo ogula amafuna. Ukalichotsa, chotsala ndi batani la jekete."

Darrell, mlongo wake wa Narelle, anali atangotsika padenga, ndowa ili m'manja. Anamva zonse.

"Ehe! Aphunzitsi athu a mumzinda atipukutira denga lonse! Chaka chathunthu osaponda kuno bambo akudwala, wafika sabata imodzi basi..."

Narelle anayang'ana zala zake zakuda ndi mankhwala. Anafuna nthaka itang'ambika. Kenako analoza kagome koyamba, momwe munali khobidi lonyezimira lomwe iye sanalikhudze.

"Ndinaona ili likuwala," anatero motsitsa. "Ndimayesa manja awo anafooka asanamalize enawa."

Mayi Glenys, amene anali ataima pafupi ndi ketulo, anasendera.

"Limenelo ndinapukuta ndine, chaka chomwe tinakwatirana. Linali lawo loyamba, anachita kugulitsa njinga yamoto kuti alipeze. Ndinalikwecha masana onse, ndikuti ndiwasangalatse pa tsiku lawo lobadwa. Anakondwa mpaka misozi."

A Merv anayamba kupinda mlomo wa chipewa.

"Merv, tandiyang'anani," anatero mayiwo. "Inali misozi yanji imene ija?"

"Mlamu, musandifunse zimenezo."

Mayi Glenys anagwira pakamwa. "Zaka makumi anayi ndi ziwiri! Ine n'kumanyadira pamaso pa alendo, iwo n'kumangogwedeza mutu."

M'chipinda chogona dontho linkamveka likugwera m'beseni.

Kenako a Merv anatukula khobidi lowalalo ndi chikhadabo. Pansi pa khobidi lililonse a Lindsay ankaika kapepala kolembapo dzina la mfumu ndi kumene analigula. Mkuluyo anapereka kapepalako kwa Narelle, poti magalasi anali atawaiwala m'galimoto. Narelle anawerenga mokweza:

"Hadrian. Analipukuta Glenys ndi manja ake. Losagulitsa."

Darrell anaika ndowa pansi mosachita phokoso. Anakanda m'mutu nthawi yaitali.

"Osapukutidwawa angakwane chiyani, a Merv?"

"Mbali ya kuchipinda kwa mayi ako. Kuposa apo ayi."

"Mbali inayo ndizikhoma ndekha Loweruka." Anayang'ana mlongo wake chammbali. "Iwe uzidzandigwirira makwerero. Koma malata usawapukute."

Narelle anayesa kuseka, koma m'malo mwake analira. "Mayi, pepani. Ntchito ya moyo wawo wonse..."

Mayi Glenys anatsegula kabati, natenga pensulo yaifupi yomwe a Lindsay ankalembera manambala a nyimbo za Lamulungu. Anakhala pampando wa amuna awo, nakoka bokosi. Anatukula loyamba la makobidi asanu ndi anayi aja, nalemba pang'onopang'ono pansi pa dzina la mfumu: "Analipukuta Narelle." Analibwezera m'kagome kake, natukula lachiwiri.

Ndipo inu amene mwawerenga, Mbuye amene amaona zomwe tawononga poyesa kukonza, natiphimba ndi chikondi chake, akusungeni pamodzi ndi a m'nyumba mwanu. Amen.