Loko wa pa Mjigo wa ku Unit K

Winnet anamutsekereza mlongo wake Tinotenda pageti, mnyamatayo atanyamula chigubu cha oyilo wakuda. Panali patapita masiku atatu chiikireni m'manda bambo awo, a Kefasi.

"Ndisiyei, sisi," anatero Tinotenda m'Chishona. "Ndikathira mumjigo. Meshack alaweko."

Meshack anali wapampando wa komiti ya madzi. Atapambana chisankho anakhoma loko pamjigo, makiyi n'kupatsa okhawo amene anamuvotera. A Kefasi atamutsutsa pamsonkhano, iye anawauza kuti azikatunga kwawo ku Malawi, dziko la makolo awo lomwe a Kefasiwo anali asanapondeko. Banjalo linayamba kumwa madzi a pachitsime choyandikana ndi paipi yophulika ya suweji. Kolera inawatenga a Kefasi m'masiku awiri.

"Meshack amamwa madzi a m'botolo," anatero Winnet. "Ufuna uphe ana a eni?"

"Ndiye tizingolira?"

Amayi awo, a Fadzai, anatuluka m'nyumba atagwira sowo yodulira zitsulo.

"Bambo ako ankati maboma adzasinthana mpaka kutopa, koma mtundu wotsekerana madzi sudzaona zidzukulutudzi. Tula chigubucho. Tenga iyi."

Anapita dzuwa lili paliwombo, anthu akuona. Tinotenda anacheka lokoyo atalumira mano, thukuta lili kamukamu. Meshack anafika ali wefuwefu.

"Mukudziwa kuti ndine ndani? Ndikuitanirani apolisi!"

"Aitaneni," anatero Winnet. "Tikawaonetse chitsime chija, kenako manda."

Azimayi amene anali pamzere, ngakhale amakiyi omwe, anasendera ndi ndowa zawo n'kuima pakati pa Meshack ndi mjigowo. Palibe amene anamuyang'ana. Loko anagwa. A Fadzai anamutola, n'kumuika m'thumba la malaya a Meshack, n'kusisitapo pang'onopang'ono.

"Musunge, baba. Adzakukhomereni pabokosi lanu la maliro."

Meshack anayang'ana uku ndi uku, kufuna womuyankhulira. Anabwerera yekha.

Tinotenda anapopa ndowa yoyamba, koma a Fadzai sanapite nayo kunyumba. Anakafika nayo m'mphepete mwa bwalo, pomwe panali timitengo tisanu ta mapeyala totchingidwa ndi njerwa, masamba atafota. A Kefasi anatidzala ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, pamalo opanda mwini. Mayiwo anagwada n'kuthirira kamodzikamodzi, monga ankachitira amuna awo m'mawa uliwonse, iwo eni asanamwe.