Dzanja la a Sajeni

A Sajeni ankapukuta ndodo ya Nyumba ya Malamulo pomwe mlembi wa a Sipikala anasuzumira pakhomo n'kunena kuti amayi akuwaitana. Ndodoyo inali yowala kale, koma iwo anaipukutabe mpaka kunsonga, kenako n'kuibweza m'bokosi lake. Chimwalirireni akazi awo, a Sajeni ankachita chilichonse chomwechi, osafulumira, osachedwa, ngati munthu amene akungogwirizira ntchito ya mnzake yemwe wachokapo pang'ono.

Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Aphungu, alonda a pageti, ngakhale amayi osesa ankangoti a Sajeni. Ntchito yawo inali kuyenda patsogolo pa Sipikala atasenza ndodo paphewa, kuiika patebulo kuti zokambirana ziyambe, kenako kukakhala pampando wa pafupi ndi chitseko. Phungu akavuta, Sipikala n'kulamula kuti atuluke, omuperekeza kukhomo anali iwowo. Kupatula apo, m'Nyumbamo analibe pakamwa, ndipo masiku amenewa zimenezi zinkawakomera.

Anawapeza a Sipikala atavula nsapato, mkanjo wawo wakuda uli chikolekere kuseri kwa chitseko. Anali mayi wathupi, wa mawu aakulu, amene ngakhale nduna zinkamuopa.

"Khalani pansi, a Sajeni. Mwadya?"

"Ndadya, amayi."

"Mukunama, koma si zomwe ndakuitanirani. Mwana wanu anali muno m'mawa."

Mwana wamkazi wa a Sajeni anali phungu wa mbali yotsutsa boma. Malemu amayi ake anamutcha Wayilesi adakali wamng'ono, chifukwa akayamba kuyankhula panalibe potsekera. Dzinalo linamukanirira mpaka m'Nyumba ya Malamulo.

"Akufuna kuyankhula za chipatala lero," anatero a Sipikala. "Ndamuuza kuti nkhaniyo ili kukhoti, ndipo malamulo athu salola kukambirana nkhani yomwe woweruza sanagamule. Mwezi wamawa khoti likagamula, ndidzamupatsa nthawi ndine ndemwe, ayankhule mpaka malovu aume. Ndati, mwanawe, sunga khosi mkanda uoneka. Mukudziwa chomwe wandiyankha? Akuti khosi la amayi ake lili m'manda."

A Sajeni anayang'ana nsapato za a Sipikala zomwe zinali pansi pa tebulo, imodzi itagona cham'mbali. Nkhani ya chipatalayo dziko lonse linkaidziwa. Magetsi anazima masanasana, jenereta inalibe mafuta, makina othandizira kupuma anaima, ndipo odwala angapo anamwalira. Mmodzi wa iwo anali mkazi wawo. Iwo anali pambali pa bedi lake, pomwe mwana wawo anali kuno, pa zokambirana. Zomwe anaona m'chipinda chija sanauzepo munthu, ngakhale mwanayo, amene anawafunsa mpaka kutopa n'kusiya kubwera kunyumba.

"Lamulo mukulidziwa kuposa ine," anapitiriza a Sipikala. "Ndikamulamula kutuluka, iye n'kutuluka yekha ndi miyendo yake, chilango ndi cha lero lokha. Koma mukangomugwira, ndiye kuti watulutsidwa ndi mphamvu, ndipo sadzapondanso muno mpaka msonkhano uno utatha. Za chipatalazo zidzakambidwa iye kulibe. Pitani kunyumba lero, bambo. Ndodo anyamule wachiwiri wanu."

"Kunyumba ndikachita chiyani, amayi?"



"Komanso wachiwiri wanga ndi waphuma," anawonjezera a Sajeni. "Angamugwire asanamupemphe n'komwe. Ine kuima ndimatha."

"Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu," anatero a Sipikala, uku akufunafuna nsapato ndi phazi. "Tiyeni, belu lalira."

Analowa m'Nyumba monga mwa masiku onse, a Sajeni patsogolo, magolovesi oyera m'manja, ndodo paphewa. Aphungu anaimirira. Pemphero linachitika, ndodo inagona patebulo, anthu n'kukhala pansi. Kuchokera pampando wawo, a Sajeni ankamuona bwino mwana wawo. Mwanayo anali atavala diresi yakuda ija ya pamaliro, ndipo anali ataonda. Anazindikira zimenezi monga momwe munthu amazindikirira kuti khoma lachita mng'alu m'nyumba ya eni ake.

Mafunso kwa nduna anayamba. Wina anafunsa za mlatho, wina za mabuku a m'sukulu. Nduna zinayankha zomwe zimayankha nthawi zonse, kuti boma likudziwa ndipo lichitapo kanthu. Itafika nthawi ya nduna ya zaumoyo, Wayilesi anaimirira.

"Mayi Sipikala, ndikufuna nduna iuze Nyumba ino kuti mafuta a jenereta ya chipatala chachikulu anapita kuti."

"Olemekezeka, nkhani imeneyo ili kukhoti. Khalani pansi."

"Amayi anga sali kukhoti, Mayi Sipikala. Ali kumanda."

Mbali ya boma inayamba kuwowoza. Phungu wina wadazi, mkulu wosungitsa mwambo m'chipani cholamula, anafuula kuti, "Tsekani wayilesiyo, yatha mabatire!" Anzake anaseka n'kumamenya matebulo. A mbali yotsutsa nawo anayankha ndi lawo phokoso.

"Bata! Bata m'Nyumba!" A Sipikala anakodola wa makina, ndipo maikolofoni ya phunguyo inazima. Koma mwana wa a Sajeni maikolofoni sankaifuna. Mawu ake ankafika mpaka kumipando ya alendo kumtunda, akutchula wodi, akutchula tsiku, akutchula odwala ena amene anafera pamodzi ndi amayi ake.

A Sipikala anamuchenjezanso. Anavula magalasi, n'kuwavalanso. Kenako anayankhula ndi mawu ouma a lamulo, osayang'ana kumene kunali chitseko.

"Olemekezeka, mwanyoza mpando uno. Tulukani m'Nyumba muno kwa tsiku la lero. A Sajeni, aperekezeni olemekezeka."

A Sajeni ananyamuka. Anaweramitsa mutu polemekeza mpando wa Sipikala, n'kuyenda pakapeti kulowera kumbali yotsutsa. Phokoso linayamba kuchepa, pakuti panalibe amene sankadziwa kuti awiriwa ndi ndani. Anaima patsogolo pa mwana wawo, manja ali kumbuyo, dzanja lina litagwira linzake.

"Olemekezeka, tiyeni."

"Sindichoka."

"Olemekezeka, chonde, tiyeni."

"Bambo." Ananena motsitsa, koma m'Nyumba munali mutangoti zii, moti aliyense anamva. "Inu munalipo. Ine kunalibe. Auzeni anthu awa ngati ndikunama."

A Sajeni anayang'ana batani la jekete la phungu amene anakhala kumbuyo kwake. Mumtima mwawo munalibe mkwiyo, munalibe manyazi, munalibe chilichonse. Ankangodziwa kuti ayenera kuima, ndipo kuti akaima nthawi yokwanira mwanayo atopa, atola chikwama chake n'kutuluka yekha. Anali ataimapo chomwechi pamaso pa amuna aukali kuposa iyeyu.

"Ndinali nditakhala pampando uno," anatero mwanayo, akuloza mpando wake. "Foni inkalira m'chikwama, ine n'kumaizimitsa, poti ndinkadikira kuti andipatse mpata wofunsa za misonkho ya m'misika. Za misonkho, bambo! Mumandiimbira inu, ine n'kuma..."

Mawu anamuthera. Wayilesi, amene chibadwire sanasowepo chonena, anaima kukamwa kuli yasa, mpweya ukukana kulowa. Mapewa ake anayamba kunjenjemera.

A Sajeni sanaganize kanthu. Anangoona dzanja lawo, ndi golovesi yake yoyera, lili paphewa la mwana wawo, chala chachikulu chikusisita pang'onopang'ono monga ankachitira akadwala malungo ali kamwana.

"Wamugwira!" anakuwa wadazi uja, atadzuka kale. "Mayi Sipikala, Sajeni wamugwira! Tonse taona! Wakana kutuluka mpaka agwidwe. Lamulo ligwire ntchito!"

"Akumutonthoza, inu! Simukuona?" anayankha mayi wina wa mbali yotsutsa. "Mulibe ana kwanu?"

"Lamulo lilibe mwana!"

Phokoso linabukanso, loposa loyamba lija. A Sipikala anaweramira kwa kalaliki wa Nyumba, amene anatsegula buku la malamulo n'kuwalozera ndi chala, kenako n'kupukusa mutu. Bukulo silinkasiyanitsa dzanja lokoka ndi dzanja losisita. A Sipikala anakhala kanthawi atagwira chipumi. A Sajeni ankadziwa zomwe zinali m'mutu mwawo. Akalekerera lero chifukwa ndi mwana wa Sajeni, mawa palibe phungu amene adzamvere mpandowo.

"Phunguyu anakana kumvera mpaka a Sajeni anamugwira," anatero a Sipikala, mawu atasasa. "Malinga ndi malamulo a Nyumba ino, wayimitsidwa mpaka kutha kwa msonkhano uno. Tipume pang'ono."

Dzanja lija linali likadali paphewa. A Sajeni sanalichotse, poti panalibenso chopulumutsa, ndipo mwanayo sanalikankhe. Anatuluka chomwecho, kudutsa m'khonde lalitali la zithunzi za masipikala akale, kudutsa atolankhani amene ankawaunikira ndi mafoni, mpaka panja poimika magalimoto. Dzuwa linali likuswa mtengo. Mlonda wa pageti atawaona anatembenukira kumbali, n'kumakonza chipewa chomwe chinali bwinobwino.

Mwanayo anatsegula galimoto yake n'kukhala pampando, miyendo ili kunja. Anapukuta nkhope ndi m'mphepete mwa diresi.

"Mwandithera, bambo."

"Ndikudziwa."

"Mwezi wamawa adzakambirana za amayi ine ndili kunyumba. Wadazi uja adzayankhula, nduna idzayankhula, adzati boma likudziwa."

"Ndikudziwa."

"Zaka zonsezi simunagwirepo phungu. Ngakhale uja anakulavulirani uja simunamugwire. Pamaliro penipeni simunandigwire, munangoima ngati muli pantchito. Ndiye mwasankha lero?"

Sanafunse mokalipa. Anafunsa ngati munthu amene akufunadi kudziwa. A Sajeni anavula magolovesi, n'kuwapinda bwinobwino, n'kuwaika m'thumba la jekete. M'kati mwa Nyumba belu linayamba kulira, kuitana aphungu kuti abwerere. Popanda iwo pakhomo wachiwiri wawo akanatha kuimirira, ndipo mawa kukanakhala mafunso. Anazungulira galimotoyo, n'kutsegula chitseko chinacho, n'kukhala pansi. Mpando unali wotentha.

"Magetsi atazima, amayi ako sanachite mantha," anayamba, maso ali pagalasi lakutsogolo. Mawu awo anali osakwera, osatsika, ngati akuwerenga chidziwitso. "Anamwino ankathamanga uku ndi uku. Mmodzi anabwera ndi kachikwama kopopa mpweya ndi manja, koma kanali kamodzi, odwala ambiri. Anandionetsa kapopedwe kake, n'kuthamangira kwina kukafuna kena. Ndinapopa. Kenako namwino uja anabwerera n'kunena kuti pabedi lotsatira pali mtsikana wasukulu."

Mwanayo anatembenuka n'kuwayang'ana. Belu linasiya kulira.

"Amayi ako anamva. Anandigwira pamkono, n'kuloza ndi maso kuti ndipereke kachikwamako kwa mtsikanayo. Ine ndinakana. Anandikankha dzanja. Ndinapereka. Ndi pamene ndinayamba kukuimbira."

Galimoto ya nduna ina inadutsa, woyendetsa akuwasuzumira.

"Mtsikanayo?" anafunsa mwanayo.

"Sindinafunse. Ndimaopa kufunsa."

Mwanayo analowetsa miyendo m'galimoto n'kutseka chitseko. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Kenako analiza injini.

"Mangani lamba, bambo," anatero. "Tikafunse."