Mabatani a Jekete

Patangotha milungu isanu chiikireni amuna anga m'manda, alamu anga, akulu awo a malemuwo, anabwera ndi pikapu yahayala ndi chingwe chatsopano kudzatenga makina osokera.

Linali Lamulungu masana. Ine ndinali pa makina omwewo, ndikusoka mayunifomu a sukulu oti ndikapereke Lachiwiri. Sanagogode. Anangolowa m'shopu n'kuponya chingwecho pa tebulo lodulira, pamwamba pa nsalu ya eni ake.

"Alamu, tadzukani pamenepo. Makina awa ndi a bambo athu. Mng'ono wanga ankangosunga."

"Kusunga zaka makumi awiri? Lamba ataduka katatu konse, munali kuti? Mafuta amathira ndani?"

Pambuyo pawo panalowa Ameta, ometa tsitsi a shopu yoyandikana nafe, ndi Aphunzitsi opuma ntchito, makadi ali m'thumba la malaya. Awiriwa za makina sankadziwa. Lamulungu lililonse ankakumana pa tebulo lomwelo ndi amuna anga ndi alamu kusewera poka, ndiye miyendo inangowabweretsa mwachizolowezi. Ndalama sankaika, amuna anga ankakana. Ankasewerera mabatani a m'chitini changa: ang'onoang'ono a malaya, ndi achitsulo a jekete, limodzi lolowa m'malo mwa ang'ono khumi.

Masewerawo ndimawadziwa ngakhale palibe anandiphunzitsa. Zaka zonsezo ndinkasoka nditawafulatira, makutu ali kumbuyo. Ulendo uliwonse pamakhala oyenera kuika mabatani pakati asanaone n'komwe makadi awo. Iwo amati bulaindi, ndipo imayenda mozungulira tebulo. Ikafika pa amuna anga, alamu ankakweza nthawi zonse, kuonjezera mabatani pakati, kaya ali ndi makadi abwino kaya alibe, amuna anga n'kutaya makadi awo akuseka, amvekere atengeni mabataniwo. Mpaka anawapatsa dzina loti Atengeni. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, Atengeni! Ine pa makina apo mtima unkachita kuwira, mpaka singano kuthyoka.

"Akazi a Atengeni," anatero alamu akumasula chingwe, "tisavutane. Galimoto ikudikira."

Mawu amenewo ndi amene anandidzutsa. Ndinatenga chitini n'kukhuthulira mabatani onse pa tebulo.

"Khalani pansi. Aphunzitsi, gawani. Pakati pa ine ndi alamu, woyamba kutha mabatani makina si ake."

Ameta anagwira pakamwa. "Mayi, mkwiyo si makadi. Awa ameta anthu ambiri kuposa ine."

"Taganizani bwino," anatero Aphunzitsi. "Makinawa ndiye munda wanu."

"Ndaganiza kale. Ndikawathamangitsa lero, mawa abwera ndi fuko lonse. Zithere pano, inu mboni. Gawani."

Alamu anaseka mpaka kutsokomola, n'kuvomera. Anakhala kudzanja langa lamanja, malo awo akale, kuti azilankhula ine ndisanalankhule. Ine ndinakhala pa mpando wa amuna anga. Khushoni inali idakali ndi dzenje la thupi lawo, ndipo zinandinyansa kuti ndinakwanamo bwinobwino.

Bulaindi inafika pa ine. Ndinaika mabatani, kenako ndinasuzumira makadi anga awiri: folo ndi naini. Ameta anataya, Aphunzitsi anataya. Alamu anakweza. Ndinawayang'ana kumaso, iwo akungomwetulira ngati munthu wodikira chenji. Ndinataya. Itazungulira n'kubweranso, chimodzimodzi. Kachitatu ndinali ndi kwini ndi eyiti, ndinawayang'ananso, ndinatayanso. Mulu wanga unkaphwa ndikuona.

Panja mwini pikapu anayamba kuliza hutala.

"Mwendo ukunjenjemera, alamu," anatero iwo. "Tebulo lonse likugwedezeka. Kamweni madzi, ife sitithawa."

Sanali mantha. Mwendo wa telala sudziwa kukhala, umangoponda ngakhale pa benchi ya kuchipatala. Ndinkadzifunsa kuti chandisokoneza n'chiyani, ine amene ndinkadziwa bodza la munthuyu ndili pa makina, ndisanamve n'komwe makadi akutsegulidwa. Ndiye ndinazindikira. Ndinkawayang'ana nkhope. Nkhope imeneyo inanama ngakhale pa maliro, ikanandiuza chiyani pa makadi? Alamu ine sindiwadziwa ndi maso.

Ndinaimirira, ndinatembenuza mpando, ndinakhala moyang'ana makina, tebulo lili kumsana.

"Aphunzitsi, makadi anga muzindipatsira m'manja. Ogwa pakati muzinditchulira, ndi mabatani omwe aikidwa."

"Awa zawazungulira mutu," anatero alamu. "Umasiye ndi matenda ndithu."

"Ine nkhongo za anthu ndimaziona tsiku ndi tsiku," anatero Ameta, "koma kusewera nayo poka ndiyamba lero."

Nkhani yake ndi iyi. Alamu akakhala alibe kanthu m'manja, amatola mabatani a jekete, achitsulo aja, n'kuwaponya kuchokera m'mwamba kuti phokoso liopseze munthu. Akakhala ndi makadi enieni amakankha a malaya pang'onopang'ono, mwakachetechete, kuopa kuthawitsa nyama. Eni ake sadziwa. Oyang'ana nkhope sadziwanso, maso amawatsekera makutu. Ine ndinazimva Malamulungu osawerengeka.

Bulaindi inandipezanso. Jeki ndi sikisi, zinyalala zenizeni. Kumbuyo kwanga kunamveka ngwe! ngwe! ngwe! Batani lina linagubuduzika n'kugwa pansi.

"Ndakwezanso," ndinatero, ndikukankha mabatani ndi dzanja limodzi osacheuka.

Hutala panja. Mpando wa alamu unalira, unaliranso. Kenako makadi awo anagwa pa tebulo mofooka. Anataya.

"Eee!" anatero Ameta. "Nkhongo yaluma."

Zinachitikanso kawiri. Iwo ngwe, ine kukweza, iwo kutaya. Anayamba kupumira m'mwamba, kutukwana mwini pikapu kudzera pa windo, kudandaula kuti m'shopu mukutentha. Inenso thukuta linkayenderera kumsana, ndipo mayunifomu osatha aja ankangondiyang'ana pa makina.

Ndiye anandipatsa kingi ndi kwini, makadi abwino kuposa onse a tsikulo. Mtima unadumpha. Ndinatchera khutu. Palibe ngwe. Ndinangomva timabatani tikukhwekhwereza pa thabwa ngati mphemvu.

"Akweza pang'ono," anatero Aphunzitsi.

Dzanja linkandiyabwa. Ndinaluma mlomo n'kutaya makadi okongolawo.

Alamu anamenya tebulo. "Maesi awiri! Maesi awiri, makadi oposa onse, ine n'kudya bulaindi yokha? Aphunzitsi, pali galasi pakhomapo kapena?"

"Pali kalendala ya chaka chatha," anatero Aphunzitsi. "Sewerani."

Sipanatenge nthawi. Bulaindi yanga, seveni ndi naini. Ngwe! ngwe! Ndinayankha, kuika ofanana ndi awo. Aphunzitsi anagwetsa makadi atatu pakati n'kutchula: seveni, kingi, thuu. Ndinali ndi maseveni awiri basi, ndipo kingi uja anali apo ngati galu wa pakhomo la eni.

"Zonse!" anakuwa alamu.

Mulu wonse unagwa pa tebulo ngati matalala pa malata. Mabatani anamwazika, lina linadzagunda mwendo wachitsulo wa makina, pafupi ndi phazi langa.

"Mayi," anatero Aphunzitsi motsitsa mawu, "milu yanu yafanana. Mukayankha, masewera athera pomwepa."

Ndinayang'ana makina. Penti inachoka pa gudumu, pamene amuna anga ankagwira ndi chala chachikulu. Nanga ngati munthuyu watulukira? Nanga ngati wachita phokoso dala, kingi ali m'manja? Ndiye kuti chingwe chija chigwira ntchito, ine Lachiwiri ndikauze ahedi kuti mayunifomu ndisoka ndi mano. Koma ndikataya apa, ulendo wotsatira aponyanso, ndi wotsatirawo, mpaka nditsale ndi chitini chopanda kanthu ndi dzina la amuna anga. Alamu si munthu wotulukira kanthu. Zaka makumi awiri sanadzimvepo yekha.

Mwendo wanga unaima.

"Ndayankha."

Ndinatembenuka n'kuika seveni ndi naini poyera. Alamu anachedwa kutsegula awo. Teni ndi eyiti. Analibe kanthu, ngakhale makadi awiri ofanana.

"Musasangalale," anatero, mawu atauma. "Atsala makadi awiri oti agwe pakati. Teni kapena eyiti akagwa, dzukani pa mpandopo."

Aphunzitsi ananyambita chala, anthu ophunzira amachedwa pa chilichonse. Folo. Ananyambitanso. Ndinafuna kuwalanda makadiwo. Kwini.

Ameta anaimirira n'kuvula chipewa. Alamu anakhala kaye akuyang'ana kwiniyo ngati asintha maganizo. Kenako anatola chingwe chawo.

"Mng'ono wanga anakwatira chilombo."

"Anakwatira telala. Tsekani chitseko, fumbi likulowa pa nsalu."

Pikapu inanyamuka yopanda katundu. Ameta anandiumiriza kuti ndinene mankhwala ake, ndipo ndinawauza za mabatani a jekete ndi a malaya. Anaseka mpaka misozi. Aphunzitsi sanaseke, ankangolongedza makadi m'bokosi.

"Amuna anu ankadziwa zimenezo," anatero. "Anandiuza kalekale, tikuchokera ku maliro ena. Ankati, akulu anga kunyumba kwawo palibe amawamvera, kuntchito anawachotsa, asiyeni azipambana Lamulungu."

Ndinawayang'ana Aphunzitsiwo. Zaka makumi awiri ine ndikuthyola singano, ndikumeza malovu owawa chifukwa cha dzina la Atengeni, kani bambowo akuchita zachifundo ndi mabatani anga! Osandiuza ngakhale tsiku limodzi. Ndipo chifundo chawocho ndi chimene chinabweretsa pikapu pakhomo panga. Akanakhala moyo ndikanawagenda ndi chitini. Ndinafunafuna woti ndimukalipire, koma pa mpando paja panali dzenje lokha.

"Mwaima chiyani?" ndinawakalipira awiri aja. "Tolani mabatani. Onse, ndi a pansi pa kabati omwe. A malaya muike padera, akufunika pa mayunifomu."

Akuluakulu awiri anagwada pansi n'kuyamba kutola. Ine ndinabwerera pa makina, ndinalowetsa kolala pansi pa singano, ndinaponda. Singano inathyoka pa msoko woyamba. Ndinatsegula kadilowa n'kuika ina.